Vesi 21 Linapita Kuti?

Tsegulani Mateyu mutu 17 m'Baibulo lomasuliridwa m'zaka zaposachedwapa, kaya ndi la chinenero chanji, mutsate manambala a mavesi ndi chala. M'Mabaibulo ambiri otere mupeza 19, mupeza 20, kenako mwadzidzidzi 22. Vesi 21 palibe. Ngati lilipo ndiye kuti alitsekera m'mikutiramawu, kapena alitsitsira m'munsi mwa tsamba m'tizilembo tofuna magalasi. Zomwezo muzipeza pa Mateyu 18:11, pa Yohane 5:4 ndi pa Machitidwe 8:37.

Munthu akaona zimenezi koyamba mtima umamuima. Komanso vesi la Mateyu lija si vesi wamba: ndi pamene Yesu akunena kuti chiwanda cha mtundu wotere sichituluka popanda kupemphera ndi kusala kudya. Ndiye mlandu umakhala waweruzidwa kale. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda timavidiyo ta anthu atanyamula Mabaibulo awiri, lakale kudzanja ili, latsopano kudzanja linalo, akufuula kuti taonani, akuba alowerera Mawu a Mulungu, sakufuna kuti muzisala kudya. Ena amathera pa chenjezo la kumapeto kwa Chivumbulutso, lija lonena za chilango cha munthu wochotsapo mawu a m'buku la ulosi.

Anthu amenewa ine sindiwaseka. Wokwiya chifukwa cha vesi limodzi ndi munthu amene amawerengadi Baibulo lake. Kungoti funso lawo analiyambira pakati. Amafunsa kuti anachotsa ndani, asanafunse kuti vesilo linalowa liti.

Ambirife tikamva za ntchito yomasulira Chipangano Chatsopano timaganiza za munthu atakhala pa tebulo, buku la Chigiriki lili potsegula, iye akusakasaka mawu oyenera a chinenero chake. Ntchito imeneyo ilipo, ndipo ndi yotopetsa. Koma asanaifike pali funso lina limene limamudikira pakhomo: Chigiriki chake chiti? Palibe chipinda chilichonse padziko pano chimene chikusunga kalata imene Paulo anasainira ndi dzanja lake, kapena tsamba limene Maliko analemba yekha. Zoyambirirazo zinatha kalekale. Zimene tili nazo ndi makope a makope, olembedwa pamanja kwa zaka zoposa 1,400 makina osindikizira asanagwire Chigiriki cha Chipangano Chatsopano. Makope a Chigiriki okha ndi oposa 5,000. Ena ndi mabuku athunthu a zikopa, ena ndi tizidutswa ta gumbwa. Kamodzi kotchuka, kotchedwa P52, kali ku John Rylands Library mumzinda wa Manchester. Kamakwana m'chikhatho, kali ndi mawu ochepa a Yohane 18, ndipo akatswiri ambiri amati ndi ka zaka za m'ma 100.

Makope akale kwambiri amaoneka mwachilendo. Zilembo zonse ndi zazikulu, mawu ndi ogundana opanda mpata pakati, zizindikiro za m'kalembedwe ndi zapatalipatali, manambala a mavesi kulibiretu. Mayina opatulika monga Mulungu, Ambuye, Yesu ndi Khristu ankawafupikitsa kukhala zilembo ziwiri kapena zitatu n'kujambula kamzere pamwamba. Taganizirani mlembi akukopera zoterezi tsiku lonse, maso akuchoka pa buku lakale kupita pa chikopa chatsopano n'kubwereranso. Mizere iwiri ikathera ndi mawu ofanana, diso linkadumpha mzere wonse. Mawu awiri omveka mofanana ankasinthana m'mutu mwake. Wina ankalemba ndemanga yake m'mphepete mwa tsamba, wokopera pambuyo pake n'kuyesa kuti ndi mawu oiwalika, n'kuwalowetsa mkati. Ndipo mlembi wodziwa Mateyu pamtima akamakopera Luka, dzanja linkalemba zimene mtima unazolowera.

Alembiwo ankadziwana zochita. M'buku la zaka za m'ma 300 lotchedwa Codex Vaticanus, m'mphepete mwa Ahebri 1:3, muli mawu a mlembi wina wa m'zaka zapambuyo amene anakwiya ataona kuti mnzake wina anakonzapo liwu. Anamulembera kuti: chitsiru ndi woipa iwe, siya zakale momwe zilili, usasinthe. Chondiseketsa n'chakuti akatswiri a masiku ano amaona kuti wokonza uja ndiye anali pa choonadi, wolalatayo ankateteza cholakwa chakale.

Tsono tifike pamene panabadwira Baibulo limene ambiri amalitcha lakale. Mu 1516, mumzinda wa Basel, wosindikiza mabuku Johann Froben anatulutsa Chipangano Chatsopano cha Chigiriki chokonzedwa ndi Desiderius Erasmus. Ku Spain, mumzinda wa Alcalá, gulu lina linali litasindikiza kale lake mu 1514 koma linali lisanaloledwe kuligawa, motero la Erasmus ndilo linayamba kufika m'manja mwa anthu. Erasmus anali katswiri weniweni, koma ntchitoyi anaithamangira, ndipo mwiniwake anavomereza kuti bukulo linachita kuponyedwa kunja m'malo mokonzedwa. Makope a Chigiriki amene anagwiritsa ntchito sankakwana n'khumi komwe, ndipo ambiri anali a zaka za m'ma 1100 kapena pambuyo pake. La Chivumbulutso anali nalo kope limodzi lokha, lobwereka, ndipo tsamba lake lomaliza linali litathothoka. Erasmus anatenga mavesi 6 omaliza m'Baibulo la Chilatini n'kuwabwezera yekha m'Chigiriki.

Apa ndipo pamandigwira mtima. Chenjezo lija la Chivumbulutso 22:19, limene anthu amaopsezera nalo omasulira atsopano, lili pakati pa mavesi omwewo amene Erasmus anadzilembera Chigiriki chake. N'chifukwa chake Mabaibulo otsatira iye amati Mulungu adzamuchotsera munthuyo gawo lake m'buku la moyo, pamene pafupifupi makope onse a Chigiriki amati pa mtengo wa moyo. M'Chilatini buku ndi libro, mtengo ndi ligno, ndipo wina kalelo anazisokoneza.

Buku la Erasmus linayenda ulendo wautali. Martin Luther anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chijeremani mu 1522 kuchokera m'kope lake lachiwiri la 1519. William Tyndale anachita chimodzimodzi m'Chingerezi, buku lake n'kusindikizidwa ku Worms mu 1526; patapita zaka 10 anamupotola khosi n'kuwotcha thupi lake ku Vilvoorde. Omasulira Baibulo la King James la 1611 anatsamira pa makope osindikizidwa ochokera ku mzere womwewo. Mu 1633 osindikiza a banja la Elzevir ku Leiden analemba m'mawu oyamba kuti owerenga ali ndi mawu amene tsopano alandiridwa ndi onse. Kunali kutsatsa malonda chabe, koma dzina lakuti Textus Receptus, kutanthauza mawu olandiridwa, linamatirira kuyambira pamenepo.

Nanga manambala a mavesi? Mitu imene tikugwiritsa ntchito amati inagawidwa ndi Stephen Langton kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200. Mavesi a Chipangano Chatsopano anawaika manambala ndi Robert Estienne mu 1551 ku Geneva, ndipo anawaika pa Chigiriki cha mzere wa Erasmus. Ndiye tikamati vesi 21 likusowa, tikuyezera pa manambala amene anabwera patatha zaka pafupifupi 1,500 Mateyu atalembedwa. Omasulira atsopano akanatha kungosintha manambala, vesi 22 likhale 21, ndipo owerenga ochepa okha akanazindikira. Anasiya mpatawo poyera kuti Mabaibulo onse azigwirizana manambala. Wakuba sasiya chizindikiro chotere.

Kusiyana kwa makope si chinthu chimene chatulukira dzulo. Mu 1707 John Mill wa ku Oxford anatulutsa Chipangano cha Chigiriki atachigwirira ntchito zaka 30, m'munsi mwake atandandalika malo pafupifupi 30,000 amene makope amasiyana. Anamwalira patangopita milungu iwiri, phokoso n'kutsalira ena. Nambalayo ndi yoopsa ukangoimva, koma zambiri mwa zosiyanazo ndi kalembedwe ka liwu, kasanjidwe ka mawu, "Yesu Khristu" m'malo mwa "Khristu Yesu", zinthu zimene womasulira sangazionetse n'komwe m'chinenero china. Zokhudza tanthauzo ndi gawo laling'ono.

Chimene chinasintha zinthu ndi kupezeka kwa makope akale kwambiri. Mu 1844 Constantin von Tischendorf anafika kunyumba ya amonke ya St Catherine m'munsi mwa phiri la Sinai n'kuchokako ndi masamba 43 a Baibulo la Chigiriki la zaka za m'ma 300. Iye ankanena kuti anawapeza m'dengu la zinthu zokasonkhezera moto. Amonke a kumeneko amatsutsa nkhani imeneyo. Mu 1859 Tischendorf anaona mbali yaikulu yotsala, yokhala ndi Chipangano Chatsopano chonse, ndipo inakathera ku Russia. Boma la Soviet Union linaigulitsa ku Britain mu 1933 pa mtengo wa mapaundi 100,000. Lero bukulo, Codex Sinaiticus, aliyense atha kuliona tsamba ndi tsamba pa intaneti. Pambuyo pake mchenga wouma wa ku Egypt unatulutsa makope a gumbwa akale kuposa pamenepo: P46 wa makalata a Paulo, wa cha m'ma 200, komanso P66 ndi P75 okhala ndi Yohane ndi Luka. Erasmus sanaonepo ndi limodzi lomwe mwa amenewa.

Pano pali mtsutso umene sindikufuna kuulambalala. Okonda mawu akale amati: makope ochuluka kwambiri ali ndi Mateyu 17:21, nanga bwanji mukumvera ochepa? Ndi zoona kuti makope ambiri ndi a mzere wotchedwa Byzantine, umene unkakoperedwa kumadera kumene Chigiriki chinapitirira kulankhulidwa, ndipo mpingo wa Greek Orthodox ukuwerengabe mawu a mzere umenewo m'mapemphero ake. Alipo akatswiri ochepa, anthu ophunzira bwino, amene amauteteza ndi mfundo. Koma pa mlandu mboni siziwerengedwa ngati mbuzi. Anthu 100 akabwera kudzachitira umboni, n'kupezeka kuti onsewo anamva kwa munthu mmodzi, ndiye kuti mboni ndi imodzi. Kope lolakwika likakoperedwa maulendo ambirimbiri, cholakwacho chimachulukana, sichisanduka choona. Motero ofufuza amafunsa kuti kopelo ndi la liti, linachokera kuti, ndipo matembenuzidwe akale akuti chiyani. Paja Chipangano Chatsopano chinamasuliridwa msanga m'Chisiriya, m'Chilatini ndi m'Chikoputiki cha ku Egypt, kenako m'Chigothi, m'Chiameniya ndi m'Chige'ez cha ku Ethiopia. Omasulira akalewo sankadziwa kuti tsiku lina ntchito yawo idzakhala umboni wa Chigiriki chimene chinali patsogolo pawo.

Amafunsanso funso lina, limene ine ndimaliona lanzeru kuposa onse: mwa mawerengedwe awiriwa, ndi ati amene akanabala anzakewo? Pa Maliko 1:2 makope akale amati "monga kunalembedwa mwa mneneri Yesaya", ena apambuyo amati "mwa aneneri". Mawu otsatirapo amayamba ndi a Malaki, a Yesaya akubwera pambuyo. N'zosavuta kuona mlembi wodziwa Malemba akuchotsa dzina la Yesaya kuti pasaoneke vuto. N'zovuta kuona chimene chikanamuchititsa kuika vuto pamene panalibe. Ndiye kawerengedwe kovutako ndiko kakale. Johann Albrecht Bengel anaika mfundo imeneyi poyera m'zaka za m'ma 1700, ndipo ikugwirabe ntchito.

Mateyu 17:21 amagwa pa muyeso womwewo. Codex Vaticanus alibe vesili, Sinaiticus analembedwa poyamba popanda ilo, ndipo matembenuzidwe ena akale a Chisiriya ndi Chikoputiki alibenso. Koma mawu ofanana nawo ali pa Maliko 9:29, m'nkhani yomweyo ya mnyamata wogwidwa ndi chiwanda. Chimene chikuoneka n'chakuti alembi anadzaza Mateyu ndi zimene ankakumbukira kwa Maliko. Ndipo ngati panali chiwembu chothetsa kusala kudya, achiwembuwo anali aulesi kwabasi, pakuti anasiya Mateyu 6:16-18 pamene Yesu akuphunzitsa kasalidwe koyenera, anasiyanso mpingo wa ku Antiokeya ukusala kudya pa Machitidwe 13.

Mavesi amodziamodzi ngati amenewa sandisowetsa tulo. Pamene pamavuta ndi pa ndime ziwiri zazitali.

Yoyamba ndi mapeto a Maliko. Vaticanus ndi Sinaiticus amathera pa 16:8, amayi akuthawa kumanda ali njenjenje, osauza munthu kanthu chifukwa cha mantha. Eusebius, wolemba mbiri ya mpingo wa m'zaka za m'ma 300, analemba kuti makope olondola amathera pomwepo, ndipo Jerome, womasulira Baibulo m'Chilatini, anabwereza zomwezo. Komabe mavesi 9 mpaka 20 ndi akale ndithu, chifukwa bishopu wina, Irenaeus, anagwira mawu a vesi 19 zaka za m'ma 100 zisanathe. Makope ena ali ndi mapeto enanso aafupi. Yachiwiri ndi nkhani ya mayi wogwidwa akuchita chigololo, Yohane 7:53 mpaka 8:11. P66, P75, Sinaiticus ndi Vaticanus onse alibe nkhaniyi. M'Chigiriki imayamba kuoneka mu Codex Bezae, wa cha m'ma 400, amene ali ku Cambridge. Makope ena anaiika kumapeto kwenikweni kwa Yohane, ena pambuyo pa Luka 21:38, ngati nkhani imene mpingo sunafune kuitaya koma sunadziwe poikhazika.

Womasulira achite chiyani? Akaichotsa, wachotsa mawu akuti amene alibe tchimo ayambe kuponya mwala, mawu amene Akhristu awawerenga, kuwalalikira ndi kupulumukira pa iwo kwa zaka mazanamazana. Akaisiya osanenapo kanthu, wabisa zimene akudziwa. Mabaibulo ambiri amaisiya pamalo pake n'kuikapo mikutiramawu ndi kamzere kofotokoza. Ena amati kumeneko n'kuopa anthu. Ine ndimaona kuti ndiko kulemekeza wowerenga: umboni ndi uwu, ndimeyo ndi iyi, ndiwe wamkulu. Amene amandikhumudwitsa ndi osindikiza amene amadula mawu a m'munsi kuti asunge mapepala, ndi alaliki amene anaphunzira zonsezi kusukulu ya ubusa koma pa guwa amakhala chete, mpaka mkhristu akazimvere kwa munthu wofuna kumugwetsa chikhulupiriro.

Wina asaganize kuti lamulo ndi lakuti chakale kwambiri ndicho chimapambana nthawi zonse. Aroma 5:1 amatsutsa zimenezo. Pali liwu limodzi limene likalembedwa ndi o wamfupi limatanthauza "tili ndi mtendere ndi Mulungu", likalembedwa ndi o wamtali limatanthauza "tiyeni tikhale ndi mtendere ndi Mulungu". Pa nthawi ya Paulo ma o awiriwa anali atayamba kumveka mofanana, ndipo Paulo ankachita kulankhula wina akulemba; pa Aroma 16:22 mlembiyo akudzitchula yekha kuti ndi Tertio. Makope akuluakulu akale ali ndi "tiyeni". Komabe okonza Chigiriki chimene omasulira ambiri amagwiritsa ntchito lero anasankha "tili ndi mtendere", poona kuti m'ndime yonseyo Paulo akulengeza zimene zachitika kale, sakulimbikitsa. Kachilembo kamodzi, maulaliki awiri osiyana, ndipo makina sangakusankhireni.

Ngakhale pamene makope onse agwirizana chilembo ndi chilembo, womasulira amafunikabe kuika mpatuliro pamene Chigiriki chakale sichinaike. Pa Luka 23:43 liwu lakuti "lero" lili pakati. Mabaibulo ochuluka amalimata kutsogolo, kuti wachifwamba uja wopachikidwa pambali pa Yesu akhala m'Paradaiso lero lomwe. Ochepa amalimata kumbuyo, kuti Yesu akunena lero za zimene zidzachitike. Mipingo imasiyana pa mpatuliro umenewo, ndipo womasulira aliyense amafika pa vesili ali kale ndi mpingo wake.

Chifukwa cha zonsezi, buku limene limakhala pa tebulo la omasulira lero silifanana ndi kope lililonse lakale. Ndi mawu osankhidwa malo ndi malo, mboni zake zitandandalikidwa m'munsi. Mzere wake unadzera kwa akatswiri a ku Cambridge, Westcott ndi Hort, mu 1881, n'kufika kwa Eberhard Nestle mu 1898, kenako kwa Kurt Aland amene anakhazikitsa malo ofufuzira makopewa ku Münster mu 1959. Mabungwe a Baibulo anatulutsa mu 1966 kope lokonzera omasulira makamaka, limene pa malo ovuta limaika chilembo A, B, C kapena D. A akutanthauza kuti okonzawo sakukayika, D akutanthauza kuti anavutika kwambiri kusankha. Sindidziwa buku lina lopatulika limene osamalira ake amadzipatsa okha malikisi otere pa tsamba. Pali ngozi imodzi yokha imene ndimaiona: magulu ambiri omasulira m'zinenero zing'onozing'ono amatsamira kwambiri pa Baibulo la Chingerezi kapena la Chifalansa, Chigiriki n'kumachiona podzafufuza pomaliza. Zikatero amatengera zosankha za ena osadziwa kuti panali posankha.

Kudandaula kwa owerenga nako si kwatsopano. Papa Damasus atapempha Jerome, cha m'ma 382, kuti akonze Mauthenga Abwino a Chilatini powayerekeza ndi Chigiriki, Jerome analemba m'mawu oyamba kuti akudziwa chimene chikumudikira: aliyense, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe, akangoona kuti mawu asiyana ndi amene anazolowera, adzamutcha wachinyengo ndi wonyoza zopatulika. Anafunsanso kuti ngati tiyenera kukhulupirira makope a Chilatini, atiuze kuti ndi ati, popeza mawerengedwe ake ndi ochuluka pafupifupi ngati makopewo. Baibulo limene ankamunyozera lija ndilo linadzakhala Vulgate, lakale lokondedwa la zaka 1,000 zotsatira, limene Erasmus naye anadzanyozedwa chifukwa cholikhudza. Ankamuimba mlandu makamaka wosiya mawu a 1 Yohane 5:7 onena za atatu ochitira umboni kumwamba. Iye anayankha kuti sanawapeze m'kope lililonse la Chigiriki. Kenako kunatulukira kope limodzi lokhala nawo, lolembedwa cha m'ma 1520 momwemo, limene lero lili ku Dublin, ndipo anawalowetsa m'kope lake lachitatu la 1522. Luther sanawaike m'Baibulo lake. Osindikiza anadzawaonjezera iye atamwalira.

Ntchitoyi ikupitirira. Ku Münster akuyerekeza makope ndi kompyuta buku ndi buku, ndipo kope la 28 la Nestle-Aland, la 2012, linasintha mawu pa malo oposa 30 m'makalata a Yakobo, Petro, Yohane ndi Yuda. Amodzi mwa malowo ndi Yuda vesi 5. Kale pankawerengedwa kuti Ambuye anapulumutsa anthu powatulutsa m'dziko la Egypt. Tsopano, potsatira Vaticanus, kope lina lakale lotchedwa Alexandrinus ndi Chilatini cha Jerome, pakuwerengedwa kuti Yesu ndiye anawatulutsa. Ndi kawerengedwe kovuta, kamene mlembi akanafuna kukasalaza, ndipo ena mwa akatswiri sakugwirizana nakobe. Gulu lililonse limene likumasulira kalata ya Yuda chaka chino liyenera kusankha dzina limodzi loika m'vesimo, linalo lipite m'munsi mwa tsamba.